Inki ikukana kutsika pa nibu yatsopano, thandizeni msanga

wamakadi_bt:
Anzanga zandivuta kuno. Ndili ndi makadi aukwati oti ndilembe mayina ndipereke Loweruka, nibu (kansonga kachitsulo kolembera koviika mu inki) ndi Nikko G yongotulutsa mu paketi, inki ndi sumi (yakuda ya ku Japan) yomwe ija ya masiku onse, koma ikungounjikana pamsana pa nibu osayenderera, mzere wowonda wokwera sukutuluka kenako ukangotsindika pang'ono phwaa yonse yatayikira pa khadi. Holda (chogwirira nibu) ndasintha, kuviika ndikuviika mpaka kabowo ka pa nibu kamire, zomwezo. Makadi ake ndi owerengeka, apadera sanandipatse.

mdala_wa_zikwangwani:
Yatsani machesi muyidutsitse pamoto kawiri basi. Nkhani yatha.

mayi_masatifiketi:
Achimwene musayerekeze za moto pa nibu yosongoka. Vuto ndi mafuta amene amapaka ku fakitale kuti isachite dzimbiri, inki siyigwira pamafuta. Tengani Colgate woyera uja pa kathonje mupukute mkati ndi kunja, mutsuke, muumitse bwinobwino. Sopo wa mbale amathanso, kapena sipiriti. Mukatero musayigwirenso ndi zala kunsongako chifukwa mwabwezeretsa mafuta.

mdala_wa_zikwangwani:
Mayi, ife tinayamba kulemba masatifiketi makompyuta asanabwere ndipo ndi machesi omwewa. Colgate ndi wa mano.

kachale_inki:
Madala inu mumalembera ma nibu a Speedball ophwatalala aja, chitsulo chake nchokhuthala. Nibu yosongoka ngati Gillott 303 kapena Hunt 101 mukayichedwetsa pamoto imasintha mtundu nkukhala ngati buluu, ikatero yafa, mano ake awiri a kunsonga akatseguka sabwereranso. Ine ndimangoyibaya mu mbatatesi mphindi 15, koma osabaya mwamphamvu komanso osayiwala. Mnyamata wina amene tinkagwira naye anasiya usiku wonse, kutacha nibu zonse dzimbiri lokhalokha ndipo zinali za bwana, anamudula pa malipiro mwezi umenewo.

mayi_masatifiketi:
Komanso khadilo ndi lotani? Ngati ndi lonyezimira lija la ku printi ndiye kaya mutsuke bwanji nibu izingoterereka. Yesani kaye pa pepala wamba muone ngati ikulemba. Ndipo muziyika kapepala pansi pa dzanja, thukuta la mwezi uno likafika pa khadi inki imalumpha pamenepo.

kachale_inki:
Kutentha komweku kumaumitsanso sumi mu kabotolo, imakhuthala osazindikira. Tsanulirani pang'ono pa kachivindikiro mudonthezere madzi, dontho limodzilimodzi, osathira mu botolo lonse. Madzi ake akhale a distilled aja a batire, koma onetsetsani kuti sakupatsani a asidi. Gum arabic (utomoni wokhuthalitsa inki) ayi, ameneyo ndi wa inki yomwe yapyapyala ikumwazika, panopa angowonjezera vuto.

mdala_wa_zikwangwani:
Mbatatesi, Colgate, madzi a batire, mukuphika kapena mukulemba? Sekondi imodzi pamoto. Amene amaononga nibu ndi amene amayiyika pa kandulo mpaka mwaye.

wa_ku_joni:
Malovu amagwiranso ntchito, pa kansalu osati kuyika nibu mkamwa chonde. Chimene ndingachenjeze ndi India ink, ili ndi shellac (utomoni wouma gwa), ikaumira pa nibu madzi okha sachotsa ndiye muzipukuta pafupipafupi. Ine kasitomala wina anandibweretsera inki ya golide yake yogula yekha, yosasungunuka, mayina onse anatuluka mabala okhaokha ndipo anakana kulipira ati ndine ndaononga.

mayi_masatifiketi:
Akasitomala obwera ndi inki yawo ine ndimawabweza pakhomo pomwepo. A ku Joni, mubwera liti kumudzi? Mutitengereko ma Brause EF66, kuno sakupezeka ndipo kuitanitsa pa intaneti shipping yake ikuposa mtengo wa nibu.

wa_ku_joni:
Mwina Disembala mayi, ndilembereni ku inbox kuti mukufuna angati.

mdala_wa_zikwangwani:
Akabwera nawo muwaotche kaye.