Zowonjezera pa funso loyenda nokha mu Bergen

Funso lija linali lakuti, kodi sitima yapamadzi ikaima maola ochepa ku Bergen, Norway, munthu angayende yekha osalipira ulendo wa gulu? Tinayankha kuti inde, koma tinasiya nkhani ya doko. Sitima ikakocheza padoko la Skolten, mphindi pafupifupi 10 wapansi mwafika ku Bryggen, nyumba zamatabwa zomwe bungwe la UNESCO linazilemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1979. Ikakocheza padoko la Jekteviken, ndi kataliko, onjezerani nthawi.

Yambirani ku Fløibanen, kasitima kokwera phiri, m'mawa. Kasitimaka kamakukwezani paphiri la Fløyen, mamita 320, koma masana mzere umatalika chifukwa alendo a sitima zonse amathamangira komweko. Tengani jekete ya mvula, ambulera mphepo imathyola. Lipirani ndi khadi.

Potsika m'sitima yapamadzi, lembani nthawi yobwerera. Woyenda yekha akachedwa, sitima siimudikira.