Mawu akudukaduka wina akamatumiza mafayilo: ndigawe bwanji intaneti?

Wa ku Angónia:
Akuluakulu, ndimayang'anira intaneti ya ofesi yaing'ono, ndipo anthu 12 timagawana liwiro la 10 Mbps potsitsa ndi 2 Mbps pokweza. Aliyense ndinamuikira malire ake pa rauta ya MikroTik, koma wina akangoyamba kutumiza zithunzi zambiri, mawu a pa WhatsApp amadukaduka ndipo ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera) imakwera kuchoka pa 60 ms kufika pa 900 ms. Kodi ndichite chiyani kuti zinthu zofuna yankho lamsanga zisamadikire mafayilo aakulu?

Wa ku Moatize:
Achimwene, vutoli amalitcha bufferbloat, ndipo gwero lake ndi mzere. Modemu imaunjika mapaketi (tizidutswa ta uthenga wodutsa pa intaneti) ochuluka, kotero kapaketi ka mawu kamaima kumbuyo kwa mapaketi mazanamazana a zithunzi, monga mayi wa kathumba kamodzi amene wapeza ngolo yodzaza matumba kuchigayo. Mzerewo ukakhala mu modemu simungaulamulire, n'chifukwa chake muyenera kuika malire amodzi a ofesi yonse ocheperako pang'ono kuliyerekeza ndi liwiro lenileni, mwina 1.8 Mbps pokweza, kuti mapaketi azidikira mu rauta yanu. Mukatero sankhani njira yoyendetsera mzere ya fq_codel kapena ya CAKE, zomwe zilimo mu RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa rauta za MikroTik. Njira zimenezi zimagawa mapaketi m'mizere yambiri, n'kumatsogoza mizere imene imabweretsa tochepa apo ndi apo, monga mawu ndi DNS (mafunso ofufuzira adiresi ya webusaiti).

Wa ku Furancungo:
Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Moatize, koma pa liwiro lochepa chonchi pali msampha. Paketi ya mabayiti 1,500 imatenga pafupifupi 7 ms kuti ituluke pa 1.8 Mbps, pamene target ya fq_codel (nthawi yodikira mu mzere imene imaloledwa) imabwera ili pa 5 ms, ndipo mukaisiya choncho rauta idzataya mapaketi osalakwa. Ikwezeni kufika cha pa 15 ms, apo ayi gwiritsani ntchito CAKE imene imadziwerengera yokha mukaiuza liwiro. Zotsogoza mapaketi poyang'ana manambala a port (osonyeza mtundu wa ntchito ya paketi) ine ndinazisiya, pakuti masiku ano zambiri zimadutsira pa port imodzi, ya 443.

Kumbali yotsitsa mpata uyenera kukulirapo, mwina muike malire pa 8.5 Mbps, popeza kumeneko mumataya mapaketi amene afika kale pofuna kuti wotumizayo achepetse liwiro. Ngati intaneti yanu ndi ya netiweki ya mafoni, yezani pa nthawi imene anthu achuluka, chifukwa liwiro lenileni likatsika kupitirira malire anu mzere umabwereranso mu modemu.

Wa ku Angónia:
Zikomo kwambiri. Ndaika CAKE pa 1.7 ndi 8.5 Mbps, ndipo ping sinapitirire 90 ms pamene ndimatumiza fayilo yaikulu m'mawa uno. Yathu ndi ya netiweki ya mafoni ndithu, choncho ndiyezanso masana ndisanachotse malire akale aja a munthu aliyense.