Alamu ya utsi ili m'dirowa, mwini nyumba akungolonjeza

Nachisale, Leicester: Abale anga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno. Ndimakhala m'nyumba yalendi yosanja pamodzi ndi anzanga awiri amene timagwira nawo ntchito yosamalira okalamba, ndipo kwa milungu iwiri alamu ya utsi ya pamwamba pa masitepe yakhala ikulira kamodzikamodzi usiku wonse ngati mwanapiye wotayika. Mnzanga wina atatopa nayo tsiku lomwe anachokera ku ntchito yausiku, anakwera pampando n'kuichotsa, moti panopa ili m'dirowa ya masupuni. Ya pansi tinaiveka sokosi kalekale chifukwa inkalira nthawi zonse tikamakazinga nsomba. Kuwonjezera apo, boila, chipangizo chotenthetsera madzi ndi nyumba, yayamba kuzimazima, madzi otentha akubwera lero, mawa ayi. Alandilodi ndawaimbira katatu, ndipo nthawi zonse amati atumiza munthu. Kodi udindo wokonza zinthu zimenezi ndi wathu kapena ndi wawo?

Bambo a Tadala, Luton: Achemwali, tisanakambe za malamulo, chonde kavuleni sokosiyo usiku womwe uno, chifukwa monga mwafotokozera, nyumba yanu ilibe alamu yogwira ntchito ngakhale imodzi, pamene anthu atatu mumagonamo mutatopa kwambiri. Kulira kwa kamodzikamodzi kuja nthawi zambiri kumasonyeza kuti batire latha kapena alamuyo yakalamba. Itembenuzeni muone kumbuyo kwake, mupezapo deti losonyeza nthawi yoyenera kuisintha, pakuti zambiri zimapangidwa kuti zigwire ntchito zaka pafupifupi 10.

Tsopano ku lamulo. Kuno ku England, kuyambira pa 1 Okutobala 2015, mwini nyumba yalendi ayenera kuika alamu ya utsi yosachepera imodzi pansanja iliyonse imene pali chipinda chokhalamo anthu, ndipo ayenera kuonetsetsa kuti ikugwira ntchito pa tsiku limene lendi yanu ikuyamba. Pa 1 Okutobala 2022 lamuloli linawonjezeredwa, moti tsopano mukamudziwitsa kuti alamu yawonongeka, iye ayenera kuikonza kapena kuika ina. Malangizo a boma amati wokhala m'nyumba aziyesa alamu podina kabatani kake ndipo ayambe wasintha batire, koma ikakanabe, nkhani yafika m'manja mwa mwini nyumba. Khonsolo ikhoza kumulembera chikalata chomulamula kukonza pasanathe masiku 28, ndipo akanyozera akhoza kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 5,000.

Nachisale, Leicester: Zikomo kwambiri bambo. Ndapita kukaona, ndipo deti lakumbuyo kwa imene ili m'dirowa linadutsa zaka ziwiri zapitazo. Sokosi ndavula, ngakhale anzanga akudandaula kale za nsomba.

Mayi a Chisomo, Manchester: Za nsombazo musadandaule, mudzitseka chitseko cha khitchini n'kutsegula zenera pokazinga, ndipo ngati alamuyo ili pafupi kwambiri ndi mbaula ya gasi, pemphani kuti aisunthire m'kanjira ka m'nyumba, m'khitchinimo aikemo ya mtundu womva kutentha, imene silira ndi utsi wa mafuta. Koma ine chimene chandidetsa nkhawa ndi boila imene ikuzimazimayo. Ndine namwino, ndipo ndikufuna ndikufunseni mosapita m'mbali ngati m'chipinda momwe muli boilayo muli alamu ya mpweya wa carbon monoxide. Tonse tikukumbukira mmene makolo ankatiletsera kugona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Mpweya umene unkapha anthu m'tulo uja ndi womwewu, ulibe fungo ndipo suoneka, ndipo boila yowonongeka ikhoza kuutulutsa. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kutopa, zinthu zimene ife ogwira ntchito maola ambiri timangoti ndi kutopa kwa ntchito. Mukaona kuti nonse m'nyumba mukudwala mutu koma mukatuluka kunja mukupeza bwino, musazengereze, tsegulani mawindo, tulukani, ndipo muimbe 0800 111 999, nambala ya ngozi za gasi.

Lamulo la 2022 lija limanenanso kuti mwini nyumba aike alamu ya mpweyawu m'chipinda chilichonse chokhalamo anthu momwe muli chipangizo chokhazikika choyaka moto, monga boila ya gasi kapena mbaula ya nkhuni, kupatula mbaula yophikira ya gasi. Komanso chaka chilichonse zipangizo za gasi ziyenera kuyesedwa ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, ndipo inu muyenera kupatsidwa pepala la zotsatira pasanathe masiku 28. Mmisiri woteroyo amayenda ndi khadi, ndipo simulakwa kumupempha kuti akuonetseni asanagwire chilichonse.

Nachisale, Leicester: Mayi, alamu imeneyo mulibe, ndipo pepala la gasi sindinalionepo chilowereni m'nyumba muno.

A Phiri, Glasgow: Ndingowonjezerapo kwa abale amene muli kumpoto kuno kuti musatenge zonse za ku England ngati zathu, chifukwa Scotland ili ndi malamulo akeake. Kuyambira Febuluwale 2022, nyumba iliyonse kuno iyenera kukhala ndi alamu ya utsi pabalaza ndi m'kanjira ka pansanja iliyonse, komanso yomva kutentha m'khitchini, ndipo zonsezo zikhale zolumikizana, kuti imodzi ikalira zonse zilirire limodzi. Mwini nyumba akakana kukonza zinthu, dandaulo limapita ku First-tier Tribunal, ku gawo lake loona za nyumba.

Bambo a Tadala, Luton: Achemwali, pa nkhani ya boila lamulo lalikulu ndi Landlord and Tenant Act la 1985, gawo 11. Limati denga, makoma, mapaipi a kunja ndi ngalande za madzi a mvula, zipangizo zobweretsa madzi, gasi ndi magetsi, chimbudzi, bafa, sinki, komanso zotenthetsera nyumba ndi madzi, zonsezi ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo ngakhale pepala la mgwirizano litalembedwa mwina, silingachotse udindowo. Zathu ife ndi zing'onozing'ono, monga kusintha babu, kutsegula sinki imene tatseka tokha ndi makoko a nsima, ndi kulipira chimene tawononga ife kapena alendo athu. Waya wa magetsi nayenso ayenera kuyesedwa zaka zisanu zilizonse.

Pamene ambiri timaphonya ndi apa: pa zowonongeka za m'kati mwa nyumba, udindo wa mwini nyumba umayamba pamene wadziwitsidwa, ndiye mafoni atatu amene mwaimba aja, tsiku lina akhoza kungoti sakuwakumbukira. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sumulembera kalata yodandaula, umamulankhula mwaulemu n'kudikira, koma kuno kulemba sikuonedwa ngati mwano. Tumizani imelo lero, mulembe deti limene vuto linayamba, masiku amene munaimba foni, muikepo zithunzi za alamu ndi deti lakumbuyo lija, ndipo mufunse tsiku lenileni limene mmisiri abwere. Lamulo limangoti akonze m'nthawi yoyenera, ndipo nthawi yoyenera ya boila m'nyengo yachisanu si yofanana ndi ya chitseko cha kabati.

A Banda, Birmingham: Ine ndiyankhule monga munthu amene anapsa kale chala. M'nyumba yanga yoyamba, denga la kuchipinda linkadontha mpaka khoma linada ndi nkhungu, ndipo nditatopa ndi malonjezo ndinaganiza zosiya kulipira lendi kuti mwini nyumba amve kuwawa. Zimene zinatsatira n'zakuti ine ndi amene ndinasanduka wolakwa, chifukwa tsopano ndinali ndi ngongole yolembedwa bwinobwino, pamene madandaulo anga onse anali apakamwa. Amene anandithandiza ndi a Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, omwe anandiuza kuti ndilipire ngongoleyo kaye kenako ndikadandaule ku khonsolo, ku gawo loona zaumoyo wa m'nyumba. Anabwera munthu ndi kachipangizo koyezera chinyontho, anajambula khomalo, ndipo denga linakonzedwa. Choncho achemwali, lendi pitirizani kulipira ngakhale mtima ukuwawa. Nkhunguyo nayonso musamaipeputse mukaiona. Mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak wa ku Rochdale, anamwalira mu Disembala 2020 chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu, ndipo imfa yakeyo ndi imene inachititsa kuti pakhale lamulo lotchedwa ndi dzina lake.

Nangozo, Leeds: Ndifunseko nane, popeza ine ndimachita lendi chipinda m'nyumba momwe mwini wake amakhalanso, ndipo khitchini ndi bafa timagwiritsa ntchito limodzi. Kodi zonsezi zikundikhudza?

Bambo a Tadala, Luton: Mwafunsa bwino, chifukwa apo pali kusiyana. Wokhala nyumba imodzi ndi mwini wake n'kumagawana naye khitchini kapena bafa ali ndi chitetezo chochepa, ndipo lamulo la maalamu lija silikhudza kakhalidwe kotero, ngakhale kuti kuyesa gasi chaka ndi chaka kumafunikabe. Imbirani a Shelter, bungwe lothandiza anthu pa nkhani za nyumba, kapena a Citizens Advice muwawerengere pepala limene munasainirana. Mukhozanso kupempha a ozimitsa moto a m'dera lanu kuti adzayendere nyumbayo, pakuti maulendo oterewa salipiritsa.

Nachisale, Leicester: Ndikuthokozani nonse. Imelo ndatumiza madzulo ano pamodzi ndi zithunzi zinayi, ndipo ndatchulamo maalamu onse awiri, alamu ya mpweya imene mulibe, pepala la gasi ndi boila. Pasanathe ola limodzi alandilodi ayankha, koyamba molemba, kuti mmisiri abwera Lachinayi m'mawa ndipo akupempha kuti wina akhale pakhomo. Ine ndidzakhala nditangochokera ku ntchito yausiku, choncho ndidzamutsegulira ndine, ndipo khadi lija ndidzamufunsa asanavule nsapato.