Digiri ya unamwino ndili ndi mwana woyamwa, zitheka koma?

Membala wosatchula dzina: Moni nonse a mu gulu, ndithandizeni nzeru makamaka inu amene munadutsamo. Ndasankhidwa ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, kukachita digiri ya unamwino ndi uzamba, ya zaka 4 ija. Ndasangalala zedi koma mwana wanga ali ndi chaka ndi miyezi itatu, akuyamwabe. Ine ndimayesa kuti tikhala m'kalasi zaka zitatu, ku chipatala n'kumapeto, koma msuweni wanga akuti ayi, ku wodi mumayamba chaka choyamba chomwe komanso amakutumizani kutali. Zoona zimenezi? Bambo ake akuti pita usataye mwayi, apongozi akuti mwanayu umusiya ndi ndani, ine mutu wazungulira.

Nesi wa ku wodi ya ana: Msuweni wanuyo sakunama achemwali. Zimayenda mosinthana, masabata angapo m'kalasi, anatomy, physiology, za mankhwala ndi zina, kenako ku skills lab kuyeserera pa zidole, kenako yunifomu pathupi ulendo ku wodi. Chaka choyamba ndi kuyala bedi, kusambitsa odwala, kuyeza BP ndi kutentha kwa thupi, musazinyoze, ndi pomwe asisita amakuonerani ngati muli ndi mtima wa ntchitoyi. Mukamakwera mumazungulira, medical, surgical, ana, za m'midzi ku health centre, za matenda a maganizo ife tinapita ku Zomba Mental, uzamba ena ku Bwaila ena ku Chatinkha ku Queens. Chimene anthu sakuuzani n'choti ku wodi nakonso ndi mayeso, pali buku losainitsa zomwe wachita ndi manja ako, ku labour pali nambala ya azimayi oti uwabereketse wekha, osakwanitsa ndiye kubwerera ku wodi anzako ali pa holide. Mukamaliza zonse kukudikira mayeso a Nurses and Midwives Council, popanda amenewo simulembedwa m'kaundula.

Chaka chachitatu pano: Ma naiti ndi amene adzakuvuteni ndi mwanayo osati kalasi. Umaweruka m'mawa maso ali psuu, case study ikukudikira, OSCE, mayeso ochita ndi manja aphunzitsi akukuonerera, ili pafupi. Ndipo konzekani ndalama, akakutumizani boma lina lendi ndi thiransipoti zimakwera, loni yokha kwa ine simakwana.

Malume a gulu: Apongoziwo ndi amene alere mdzukulu wawo basi, nkhani yatha 😂

Mayi wa awiri: Musaseke a malume, ine zinatero ndithu. Wanga ndinamuletsa kuyamwa mwezi umodzi sukulu isanatsegulidwe kuti azolowere phala ndi agogo ake ine ndilipo, osati kumusiya mwadzidzidzi. Ndinkalira mu hostel sabata zoyamba, sindinama. Chinandithandiza n'kuwauza aphunzitsi msanga kuti ndili ndi mwana, tsiku lomwe anadwala malungo anandilola kupita koma maola ndinawabweza onse, palibe anandikhululukira ngakhale shifiti imodzi.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Mayi wa awiri, ndiye malo opitako amasankha okha kapena munthu utha kupempha kufupi ndi kwanu? Kwathu ndi ku Dedza.

Mayi wa awiri: Kupempha pemphani, koma mndandanda ukatuluka dzina lanu lili ku Mangochi, longedzani chikwama.