Mwana wa mlongo wanga akufuna ntchito ya madzi, ayambire pati?

Malume a ku Chankhanga:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikusunga mwana wa mlongo wanga kuno ku Kasungu, mnyamata wa zaka 21. Folomu 4 analemba, satifiketi ya MSCE ali nayo, koma mapointi ake sanamufikitse ku yunivesite. Chaka chatha kontilakita wina ankayala mapaipi mbali yathu ino, iye nkukalowa ganyu yokumba ngalande. Kuchokera pamenepo mutu wake wonse uli pa za madzi. Mpope wapakhomo ukangoyamba kudontha sadikira kuuzidwa, ndipo oyandikana nafe ayamba kumamuitana. Tsopano akuti akufuna ntchito ku Water Board basi, zina ayi.

Ine ndine wa fodya, zomwe ndimadziwa ndi mabelo ndi msika wa ku Chinkhoma. Ndiye funso langa ndi ili: kodi a Central Region Water Board amatenga achinyamata opanda digiri? Amawaphunzitsa okha, kapena munthu apite kaye kusukulu ya ntchito zamanja? Chinanso, pali bambo wina amene ndinakumana naye pa depoti, akuti ndimupatse kangachepe kuti dzina la mwanayu lilowe chifukwa iye amadziwana ndi mabwana. Mtima ukukana, koma bambo ake a mwanayu anatisiya ndipo onse kumudzi akuyang'ana ine.

Pulambala wopuma, Mtunthama:

Achimwene, choyamba ndalama zanuzo zibwezeni m'thumba. Ntchito za m'mabungwe a boma amazilengeza poyera, m'nyuzipepala ndi pa masamba awo a intaneti, munthu nkulemba kalata, nkuitanidwa ku intaviyu. Wa pa depotiyo akungofuna ya mowa.

Tsopano za mwanayo. Ine ndakalamba ndi bobojani m'manja, ndiye ndikuuzani mosapsatira. Mabodi a madzi m'dziko muno alipo 5, wa Blantyre, wa Lilongwe, ndi a zigawo zitatu, ndipo amayendera lamulo la Waterworks Act la 1995. Wathu wa chigawo chapakatiyu samwetsa Kasungu yekha, ali ndi Mchinji, Salima, Dedza, Ntcheu, Nkhotakota ndi matauni ena. Mukawerenga anthu amene amagwira pa sikimu imodzi, kutanthauza nthambi ya bodi ya tauni imodzi ngati yathuyi, simutopa: mapulambala, owerenga mita, oyendetsa mapampu, osamala malo oyeretsera madzi, a ku ofesi yolipirira mabilu, alonda. Mipando ndi yochepa ndipo wolowa sathamangira kutuluka. Mwana akangoloza khomo limodzi limenelo, adzamera imvi akudikira.

Koma ntchito ya madzi siithera mu ofesi yawo. Bodi imafikitsa paipi pa mita, zam'kati mwa mpanda ndi za mwini nyumba. Thanki, chimbudzi cha madzi, sinki, giza, shawa, zonsezo zimafuna pulambala wapadera. Taonani mmene nyumba zikumerera pa boma pano. Paipi yatsopano iliyonse imene akuyala ndi ntchito ya anyamata ambiri amene sadzavalako yunifolomu ya bodi.

Chomwe mwanayo akusowa ndi pepala. Manja ali nawo kale. Njira yake ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limayendera ndalama zimene olemba ntchito amasonkha, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Amalengeza akamatenga ophunzira atsopano, muzimvera wailesi. Lilongwe Technical College amaphunzitsa za upulambala, ndipo kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula ma community technical college m'maboma, mukafunse ku ofesi ya Labour kuti kufupi ndi inu akuphunzitsa ntchito ziti. Ubwino wa njira imeneyi ndi atachimenti. Wophunzira amatumizidwa kukagwira ndi amisiri enieni, ndipo apa ndi pamene bodi ya madzi kapena makontilakita ake amatsegulira ana khomo. Akakhala wakhama amamuona. Tsiku lomwe mpata wapezeka, pa intaviyu amakhala akuyankha zinthu zomwe anazigwirapo ndi manja.

Ngati fizi yavuta, mumupereke kwa mmisiri wodziwika, aphunzire pa ntchito pomwepo, kenako akayesedwe mayeso a boma a ntchito zamanja. Nthawi yathu tinkayesedwa Trade Test kuyambira Grade 3 nkumakwera mpaka Grade 1. Ine ndinadzera momwemo. Kungoti mumusankhire mmisiri amene amaphunzitsadi. Ena amangofuna womunyamulira chikwama cha zida.

Mayi a pa kiyosiki:

Bambo a ku Mtunthama anena zoona, koma aiwala ife. Ine ndimagulitsa madzi pa kiyosiki ndipo ana anga aphunzira ndi ndalama ya pa ndowa. Si ntchito yolemeretsa, komabe imaphunzitsa munthu kuwerenga mita m'mawa ndi madzulo, kulemba m'buku, ndi kuonetsetsa kuti ndalama ikugwirizana ndi madzi amene atuluka. Ikapanda kugwirizana, wofunsidwa ndiwe. Anyamata ambiri amaiderera kuti ndi ya azimayi. Chonsecho tapu ikathyoka timasowa wokonza msanga, madzi nkumangotayika mita ikuyenda. Mwana wanuyo akayende m'makiyosiki a m'dera lanu adzionetse. Akakonza bwino kawiri katatu, dzina lake lifika lokha ku komiti yoyang'anira makiyosiki.

Mlangizi wa zaumoyo, Santhe:

Malume, ndiwonjezereko mbali imene anthu saiwerengera. Ine si wa ku bodi, ndine wa zaumoyo, koma ntchito zathu zimakumana pa chitsime.

Kolera ija inayamba mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo tinaona kuti madzi akhoza kuchoka pa mpope ali abwinobwino, kolorini ali momwemo, nkukadetsedwa panyumba: ndowa yosavindikira, kapu imodzi yotungira ndi kumwera, masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike m'njira. Zimenezi injiniya sangazikonze. Zimafuna munthu woyenda khomo ndi khomo, wolankhula chilankhulo cha anthuwo, woti agogo akamuona azinena kuti uyu ndi mwana wa uje. Amene anatithandiza kwambiri anali achinyamata a m'makalabu, ndipo ena mwa iwo mabungwe amawatengabe pakakhala ntchito chifukwa anadziwika.

Mbali ya bodi nayo ili ndi zake zophunzitsa. Madzi a pa boma amachokera ku damu la Chitete. Anthu akamalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, mitengo nkutha, dothi lonse limatsikira m'damumo. Damu limachepa, madzi amabwera amatope, ndipo kuwayeretsa kumadya mankhwala ambiri. Nchifukwa chake nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndi yofunika kwa aliyense amene amamwa madzi a pa mpope, ndipo mbande zake amafesa ndi anthu, sizigwa kumwamba. Kalabu ya achinyamata yokhala ndi nazale yabwino siisowa ogula. Palinso nkhani ya kuba mamita, kuboola mapaipi ndi kulumikiza madzi mwachinyengo. Madzi otayika motero salipiridwa ndi wina aliyense, mapeto ake ndalama yokafikitsira paipi kudera lina imasowa.

Ndikunena izi chifukwa pulambala wodziwa kufotokozera anthu ndi wosowa. Pa 22 Marichi pamakhala tsiku lokumbukira madzi pa dziko lonse, mumuuze azipezeka pa zochitika zotere. Komanso kumidzi kuno mijigo yambiri ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo amakaniko ake amalipidwa ndi makomiti a mijigo. Kusintha marabala ndi kuzula marodi si ntchito yovuta kwa mwana amene anazolowera sipanala. Ofesi ya madzi ku khonsolo ndiyo imadziwa za maphunziro awo.

Mnyamata wa digiri, Nkhamenya:

Ine ndisakunamizeni, ngakhale ife a mapepala akuyunivesite tikungoyenda ndi maenivelopu. Intenishipu ya boma ija imathandiza kuti munthu aone m'kati mwa ofesi, koma ndi ya omaliza ku koleji, ndipo ikatha ambiri timabwerera kunyumba. Mnzanga amene anachita za mapaipi ndiye amandigulira mayunitsi masiku ano. Musamukakamize kubwereza folomu 4 ngati mtima wake uli ku zida.

Malume a ku Chankhanga:

Zikomo nonse, mwandimasula. Wa pa depoti uja waimbanso lero, sindinayankhe. Ndamuwerengera mwanayu zonse mwalembazi. Poyamba anakwinya nkhope atamva kuti mipando ndi yochepa, ndiye ndamuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lolemba tipita limodzi ku Labour. Za kiyosiki akuti ayamba mawa, pali ina kuseri kwa msika yomwe tapu yake anaimanga ndi mphira.

A ku Mtunthama, funso lina. Ndikagulitsa fodya ndikufuna ndimugulire zida zake, asamangobwereka. Ndiyambe ndi ziti? Ndalama si yambiri.

Pulambala wopuma, Mtunthama:

Mabobojani awiri, chifukwa paipi yachitsulo imafuna wina wogwira wina wopotokola. Shifitingi imodzi, sowo yodulira zitsulo ndi mipeni yake yapadera, tepi yoyezera, levulo, hamala ndi tchizulo chobowolera khoma. Guluu wa PVC ndi thiredi tepi azigula pa ntchito iliyonse, mtengo wake aziuika pa kasitomala. Makina otemera mazinga pa paipi ndi odula, amenewo abwereke kaye, masiku ano nyumba zambiri akuika mapaipi apulasitiki.

Mabobojaniwo musagule opepuka aja a pa msika, mano ake amatha mwezi usanathe. Funsani kwa amisiri opuma, ambiri tili ndi akale olimba amene angogona m'bokosi. Ndipo mumuuze mawu awa ochokera kwa ine: asadzayerekeze kukhudza mita kapena paipi ya bodi, ngakhale mwini nyumba amulonjeze zingati. Akaona potayika madzi mumsewu akanene ku ofesi yawo, atchule dzina lake ndi malo ake.