Ndithandizeni: amayeza bwanji kuti morphine akufikadi kwa odwala?

Wofunsa:
Abale a pa gulu, mutu wanga waima. Ndikuphunzira za unamwino, ndipo atipatsa ntchito yolemba za kapezekedwe ka mankhwala amphamvu opha ululu, ngati morphine, kwa odwala matenda osachiritsika padziko lonse. Manambala ndawapeza koma sakundilowa. Lipoti la 2017 la Lancet Commission, gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet, likuti pa matani oposa 298 a mankhwalawa omwe ankagawidwa pachaka kuyambira 2010 mpaka 2013, mayiko osaukitsitsa ankangolandira matani 0.1 basi. Kwina ndikupeza a INCB, bungwe la mayiko loyang'anira mankhwala oterewa, akukamba za S-DDD. Nditenge ziti?

Ndinene zoona, chandiwawa kwambiri si ntchitoyi. Bambo anga anamwalira ndi khansa. Morphine m'chipatalamo analimo, koma mu kabati yokiya, wosunga kiyi ataweruka. Usiku wonse bambo ankaluma bulangeti kuti asatidzutse ndi kubuula. Usiku umenewo umalowa mu nambala iti?

Wogwira ntchito ku famasi:
Pepani kwambiri za bambowo, achemwali. Manambala onsewo akutungidwa pa chitsime chimodzi. Malinga ndi pangano la mayiko la 1961, boma lililonse limatumiza ku INCB, ku Vienna, kuchuluka kwa mankhwala omwe lagwiritsa ntchito komanso omwe likuyembekeza kufuna chaka chamawa. S-DDD ndi mlingo wa tsiku limodzi umene anangogwirizana kuti azitha kufananiza mayiko, si umene dokotala amalembera wodwala ayi. Amauwerengera pa anthu 1 miliyoni patsiku. Dziko likakhala pansi pa 200 amati mankhwala ndi osakwanira, pansi pa 100 ndiye zafika poipa.

A Lancet aja anatenga manambala omwewo, n'kusintha mankhwala onse kukhala mamiligalamu a morphine, kenako n'kugawa ndi chiwerengero cha odwala ovutikadi ndi ululu, osati cha anthu onse m'dziko. Mpamene panatuluka zoti wodwala wa ku Haiti gawo lake linali mamiligalamu 5 pachaka pomwe wa ku America linali 55,000. Ine ndingatenge a Lancet, koma mufotokoze komwe achokera.

Koma chenjerani apa: akamati "agwiritsidwa ntchito" akutanthauza kuti atuluka m'nkhokwe kupita ku chipatala kapena ku famasi. Botolo lomwe linagona mu kabati usiku uja linawerengedwa kale ngati lafika kwa wodwala.

Membala wina:
Komatu musaiwale kuti ku America komweko mankhwala amenewa apha anthu ambirimbiri. Mwina kuchepako kukutiteteza.

Namwino wa odwala khansa:
Bambo, mantha amenewo ndi omwe amachititsa kuti kiyi azisungidwa ndi munthu mmodzi. Za ku America n'zoona, palibe akutsutsa, koma 55,000 sindiye mulingo woti aliyense afikepo. Pakati pa 5 ndi 55,000 pali mtunda wautali. A WHO amati anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amafunika chisamaliro chochepetsa ululu ndi kuvutika pa matenda aakulu chaka chilichonse, ndipo amachilandira ndi 14 okha pa 100 aliwonse.

Mwana wanga wofunsawe, lembaponso ziwiri izi. Fentanyl ndi methadone ndi mankhwala a gulu limodzi ndi morphine, koma fentanyl wina amathera ku opaleshoni, ndipo methadone wambiri amathandiza osiya mankhwala ozunguza bongo, ndiye dziko likhoza kuoneka bwino pa pepala pomwe wa khansa sakulawako. Chinanso, dziko likagwiritsa ntchito pang'ono chaka chino, limaitanitsanso pang'ono chaka chamawa, poti likuyang'ana za dzulo. Kusowako kumadzibereka kokha.

Ukafuna chitsanzo, yang'ana Uganda. Kumeneko morphine wamadzi womwa amasungunula m'dziko momwemo, ndipo kuyambira 2004 anamwino ophunzitsidwa mwapadera amaloledwa kumulembera odwala.

Wofunsa:
Zikomo nonse, tsopano zayamba kulowa. Ndigwiritsa ntchito manambala a Lancet, ndi kulemba poyera kuti amathera pa khomo la famasi. Amayi anamwino, ndifunsenso: alipo amene amawerenga masiku omwe mankhwala anatha pa shelefu, kapena kufunsa odwala eni ake ngati ululu unachepa? Ngati alipo, ndiyambire pati kufufuza? Ntchitoyi ikufunika Lachisanu.