Kodi pa nthawi ya ngozi uthenga umayenda bwanji pakati pa maofesi a boma ndi opulumutsa anthu?

Mphunzitsi wa ku Mulanje:

Abale ndi alongo, pali funso limene lakhala likundisowetsa mtendere kuyambira mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'mapiri a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Soche. Sukulu yathu inasanduka msasa wa anthu othawa madzi, ndipo pakati pawo panali mayi woyembekezera amene matenda anamuyamba usiku, magetsi atazima kale. Mnyamata wina anakwera pachulu kuseri kwa makalasi kukasaka netiweki ndi foni imodzi yokha imene inatsala ndi moto, koma aliyense amene anayankha ankangomupatsa nambala ina yoti aimbe, mpaka foniyo inazima. Mayiyo anachira bwinobwino m'manja mwa amayi anzake. Chimene ndikufuna kumvetsa n'chakuti, kodi uthenga wotere umayenera kupita kwa ndani, ndipo apolisi, asilikali, achipatala ndi a Red Cross amauzana bwanji zimene aliyense wamva?

Membala wa komiti ya ngozi, Nsanje:

Aphunzitsi, pepani chifukwa cha zimene munaona. Njira yake ilipo: uthenga umayenera kuchoka ku komiti ya ngozi ya m'mudzi kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kwa bwanamkubwa, amene amaupereka ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Makomiti amenewa anayamba ndi lamulo la 1991, chaka chimene napolo anasakaza ku Phalombe, ndipo lamulo limenelo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Kuno kuchigwa cha Shire chenjezo lochokera kumwamba limatipeza ndithu, chifukwa a zanyengo akalengeza pa wailesi ife timayenda ndi zimkuzamawu ndi mawezulo, komanso timayang'ana madzi pa mtengo woyezera umene uli mumtsinje; akafika pa utoto wofiira sitidikiranso munthu wotiuza kuti tisamukire kumtunda. Povuta ndi pobweza uthenga kuchokera kumudzi kupita kumaofesi, popeza njira yonseyo yatsamira pa foni ya munthu mmodzi kapena awiri.

Wopuma pantchito ya chitetezo, Zomba:

Mfundo ya bambo a ku Nsanje ndi yoona, ndipo ndiwonjezerepo za zipangizo. Nsanja za mafoni zimadalira magetsi, ndipo pa nthawi ya Freddy makina opangira magetsi a ku Nkula ndi Tedzani anaimitsidwa chifukwa cha zinyalala zimene madzi anakokolola, pomwe a ku Kapichira anali ataonongeka kale ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Jenereta ya pansanja imafuna mafuta, ndipo mafuta sangafike mlatho utakokoloka. Mawayilesi a m'manja safuna zonsezi, koma m'masiku athu bungwe lililonse linali ndi akeake, moti wapolisi ndi woyendetsa ambulansi akanatha kukhala mbali ziwiri za mtsinje womwewo osamvana.

Chimene chinathandiza mu 2023 n'chakuti boma linatsegula malo amodzi oyendetsera ntchito yonse mu Blantyre, kumene oimira maunduna, asilikali, apolisi ndi mabungwe othandiza ankakhala pamodzi. Ine ndikanakonda kuti boma lililonse likhale ndi chipinda chotere, cha magetsi a dzuwa, wailesi yolumikiza mabungwe onse, ndi buku limodzi lolembamo pempho lililonse, nthawi imene lafika ndi amene walitenga. Popanda buku limenelo, maboti awiri amapita kumudzi umodzi pamene mudzi wina palibe woupitira. Ndege zimene zinachokera ku Tanzania ndi Zambia nazonso zinkafunika kuuzidwa malo enieni, poti oyendetsa ake mayina a midzi yathu sawadziwa.

Namwino, Blantyre:

Bambo a ku Zomba, sindikutsutsa za mawayilesi, koma ndaona kuti ngakhale foni ikamagwira, uthenga umene umafika kuchipatala nthawi zambiri umangoti "kuno zavuta, bwerani msanga." Masiku amenewo tinali tikulimbananso ndi kolera, imene inabuka mu 2022, choncho tinkafunika kudziwa ngati tikulandira ovulala ndi miyala kapena otsegula m'mimba, chifukwa awiriwa sagonekedwa malo amodzi. Woimba aphunzitsidwe kunena zinthu zinayi: malo pamodzi ndi chizindikiro chodziwika monga sukulu kapena tchalitchi, chiwerengero cha anthu, mmene alili, ndi msewu umene ukadali wodutsika. Woyankha nayenso aphunzitsidwe kuti akalandira uthenga auperekeze yekha kwa oyenera, osati kupatsa munthu wovutika nambala ina. Zimenezi ziziyeseredwa mu Okutobala mvula isanagwe, onse ali pamodzi.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:

Zikomo kwambiri nonse. Zinthu zinayi zimene mayi namwino mwatchulazi ndizilemba pakhoma la ofesi yathu, pamodzi ndi manambala a komiti ya m'mudzi, imene kunena zoona sindinkadziwa n'komwe mamembala ake. Bambo a ku Nsanje, kodi aphunzitsi amaloledwa kukhala nawo pa misonkhano ya komiti yanu, popeza madzi akasefukira anthu amathawira kusukulu?